Mfundo pa Pilokesi

"Chotsa dzanja pamenepo."

"Sindinatsegule, alamu."

"Ndiye ukulisisita thumbalo kuti ligone? Ndati chotsa dzanja."

"Ndimangopapasa kunja. Mfundo imamveka ngakhale kunja kwa thumba."

"Imamveka, eti? Nanga chifuwa cha mwini nsaluyo sichimveka? Thumba lofiira limamasulidwa pakamwa pa makina, nsalu n'kulowa osazigwira. Anakuuza tsiku loyamba, ndinakuuza ine, zalembedwa pakhoma apo ndi zilembo zazikulu ngati mutu wako. Ukafuna kufa ukafere kwanu, osati pashifiti yanga."

Phuma anachotsa dzanja, koma maso anawasiya pomwepo. Matumba ofiira asanu ndi awiri anali mulu pachingolo, atangofika kuchokera ku wodi ya mliri, ija anaitchinga ndi chingwe chachikasu kumapeto kwa chipatala. Kumeneko nsalu za pabedi ankasintha mbandakucha uliwonse. M'thumba lina mwa amenewo munali pilokesi, nsalu yovekera pilo, ya mwamuna wake. Ngati pakona pa pilokesiyo panali mfundo, ndiye kuti kwamuchera. Ngati panalibe, Phuma sankawalola maganizo ake kufika kumeneko.

Dzina la Phuma anamupatsa ndi alamu akewo, achemwali ake a mwamuna wake, amene anamupezera ntchito muno mochapira nsalu za chipatala chaka chatha. Ankati mtsikanayu amasita nsalu isanaume, amayankha funso lisanathe, ndipo anakwatiwa chibwenzi chisanapse. Iye sankatsutsa.

"Maola atatu okha, zichapike, ziume," anatero alamu, uku akukoka magolovesi mpaka m'zigongono. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ilibe mwamuna ku wodi ija."

"Tsitsa mawu, iwe. Makoma ano ali ndi makutu a akapitawo."

Phuma anatseka pakamwa kuseri kwa masiki. M'chipatala monse, amene ankadziwa kuti bambo wina wa ku wodi ya mliri ndi mwamuna wake anali awiri okha, iye ndi alamu. Lamulo linali lachidule: amene kwawo kwapezeka wodwala akhale kunyumba masabata awiri. Ena amene anapita masabata awiriwo, pobwera anapeza epuloni yawo yavalidwa ndi wina. Poyamba Phuma anabisa poopa ntchito. Tsopano ankabisa poopa china. Kunyumba kulibe matumba ofiira. Akamutumiza kumeneko, mfundo adzaiona bwanji?

Mwamuna wake anzake ankamutcha Zingwe. Ntchito yake inali kupakira katundu m'malole ndi kumanga tenti pamwamba. Anali ndi mfundo yake yake, ya kakhutu kamodzi ndi kamchira. Inkagwira ngakhale lole ikwere mapiri masiku awiri, koma ukakoka kamchirako kamodzi kokha, imamasuka yokha ngati sinamangidwepo. Zala zake sizinkakhala chete. Akamaganiza ankamanga chilichonse chili pafupi, kona ya katani, lamba wa chikwama, nsalu ya patebulo. Tsiku limene anakumana pamalo odikirira basi, mphepo inkafuna kulanda mpango wa Phuma. Mnyamata wamtali wonunkha dizilo anaugwira m'malere, n'kumumangirira kona yake pa lamba wa chikwama.

"Mukafuna kundichotsa, kokani apa," anatero, akuloza kamchira.

Phuma sanakoke. Mpangowo udakali m'sutikesi, uli chimangire.

Mliri utafika, Phuma ndiye anayamba kuuona ena asanaukhulupirire. Ankauona pansalu. Matumba ofiira anayamba awiri, kenako anayi, kenako chingolo chinkabwera kawiri. Anachita mantha oti ngakhale chitseko cha kwawo ankatsegula ndi chigongono. Zingwe naye sanasiye ntchito, malole ankayendabe, ndipo madzulo ankabwera atagwirana ndi anthu a m'misika isanu. Phuma anamuyalira pakhonde la kuseri, n'kumupatsa kapu yake, mbale yake, sopo wake.

"Bwana andichotsa pa udindo," Zingwe ankauza aneba kudzera pampanda. "Pano ndine mlonda. Malipiro ndi moni wa pawindo."

Anagona pakhondepo masabata atatu. Sabata lachinayi anayamba kutsokomola.

M'mawa umene anapita kuchipatala anayenda wapansi, iye patsogolo, Phuma pambuyo mapazi khumi, ngati anthu osadziwana. Pageti Zingwe anacheuka, napuma movutikira, n'kutambasula dzanja. Silinali dzanja lopempha kanthu. Linali lija amapatsana anthu akamasiyana. Phuma anayang'ana dzanjalo, anayang'ana mlonda wa pageti, n'kulowetsa manja ake onse m'khwapa. Zingwe anaseka pang'ono, n'kupukuta dzanjalo pa buluku ngati ndi zimene analitambasulira. Mkati atamufunsa za achibale anati amakhala yekha, kwawo n'kutali, alibe woti amuimbire. Foni yake anaiiwala pakhonde ili pachaja.

Tsiku lachitatu Zingwe atagonekedwa, Phuma akusita, pilokesi ina inatuluka m'basiketi ili ndi kakhutu pakona. Anakhala pansi pasimenti ponyowa. Sanapangane, sanauzane kanthu. Zingwe ankangodziwa kumene nsalu za wodi zimathera, ndi manja amene amazisita. Kuyambira pamenepo mfundo inkabwera m'mawa uliwonse. Phuma ankaipsompsona kudzera pamasiki, n'kukoka kamchira, n'kusita konayo mpaka makwinya onse athe. Lero linali tsiku lakhumi ndi chiwiri.

"Imani pamzere ndikuwombereni."

Anali akapitawo, atalowa ndi kamfuti kawo koyezera kutentha kwa thupi. Anali bambo wokalamba, wovala masiki awiri, bolopeni kukhutu, ndipo matenda awo aakulu anali kulemba tizikalata. Mpopi ukadontha, kakalata. Sopo akachepa, kakalata. Ochapa ankati tsiku lachiweruzo akapitawo adzafika ndi kakalata kodandaula kuti lipenga lalira nthawi ya ntchito.

Analoza alamu pachipumi. Kamfuti kanalira.

"Mayi, inu ndinu ozizira ngati mtima wa landilodi. Wotsatira."

Phuma anayandikira. Kukhosi kwake kunali kouma kuyambira dzulo, ndipo sankadziwa ngati ndi kolorini, mantha, kapena chija sachitchula. M'mawa uliwonse asanachoke kunyumba ankanunkhiza sopo kuti aone ngati mphuno zikugwirabe ntchito. Kamfuti kanalira. Akapitawo anayang'ana nambala nthawi yaitali, atatalikitsa dzanja poti magalasi anali atachita nthunzi.

"Uli bwino. Koma maso akowa afiira. Kunyumba kuli bwanji?"

"Kuli bwino."

"Bambo akunyumba?"

"Ali paulendo. Malole."

"Akabwera uziwathira kolorini asanalowe," anatero akapitawo, n'kutuluka akuseka okha.

Masiku asanu apitawo Phuma anatsala pang'ono kugwidwa. Anachedwa kufika pabasiketi, ndipo pilokesi ya mfundo inagwera m'manja mwa akapitawo. Anaitukula m'mwamba ngati khoswe wakufa. "Ndani akumanga nsalu za chipatala ngati akumangirira mbuzi? Nsalu ya mfundo siyera. Tizilombo timabisala mkatimu." Phuma anawalanda, n'kunena kuti aichapanso yekha. Akapitawo anachoka akung'ung'udza, dzanja likupapasa kukhutu.

Makina atatu anayamba kubangula. Nthunzi inadzaza chipinda, mawindo anachita thukuta. Phuma anatenga nsalu za ku wodi ya amayi n'kupita nazo kuzingwe zoyanikira kuseri. Kumeneko ndi kumene ankakuopa kwambiri. Kuseri kwa zingwezo kunkadutsa kanjira ka simenti kochokera ku wodi ya mliri kupita ku nyumba ya chisoni, ndipo chingolo chachitsulo cha kanjirako chinali ndi gudumu limodzi lolira. Kwii, kwii, kwii. Ochapa onse ankalidziwa. Likamveka nkhani zinkaduka, aliyense n'kukhala ngati akufunafuna chopanira.

M'mawa umenewo linalira kawiri. Ulendo wachiwiri Phuma anasuzumira pakati pa nsalu ziwiri. Anthu awiri ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi ankakankha, osalankhulana. Chimene chinali pachingolocho chinali chachitali. Phuma anayamba kuyeza ndi maso, kuyambira kumutu kukafika kumapazi, kenako anadzigwira, n'kuluma masiki mkati. Anthu aatali ndi ambiri padziko. Anabwereza mawuwo mpaka kulira kwa gudumu kunazilala.

Dzuwa litafika pamutu, nsalu za matumba ofiira zinatuluka m'makina oumitsira. Phuma anali atatumidwa kukatenga sopo kusitolo ya chipatala, ndipo anabwera chothamanga, katoni ili pamutu. Anapeza alamu ataima pabasiketi, pilokesi ili m'manja.

"Nayi mfundo yako. Upume tsopano, tigwire ntchito."

Phuma anatula katoni pansi. Anailandira ndi manja awiri, n'kuthawira nayo kutebulo lositira, kuseri kwa mulu wa mabulangeti. Kwamuchera. Chachitali chija chinali cha eni ake. Anadzimvera chisoni kuti wasangalala ndi maliro a ena, koma chisonicho sichinakhalitse. Anapsompsona konayo, n'kufuna kamchira kuti akoke.

Kamchira kanalipo. Anakoka. Mfundo inalimba.

Anakokanso, inalimbiratu. Anaiyandikitsa kumaso. Kakhutu kanalipo ndithu, koma pansi pake nsalu inazungulira kawiri n'kudzipana, mmene amamangira pakamwa pa thumba kuti zovala zisatayike panjira. Anakumbuka kuti dzulonso analimbana nayo mpaka anachita kutokosa ndi pini. Dzananso chimodzimodzi. Ankati mwina ndi madzi otentha, mwina zala za wodwala zatopa. Koma mfundo ya Zingwe inali isanakanepo, ngakhale yonyowa ndi mvula ya masiku awiri. Anatokosa ndi pini mpaka inamasuka, n'kutambasula konayo. Mfundo imene yadutsa m'makina imasiya makwinya ozama, ndipo mkati mwake mumakhala chinyezi ngakhale nsalu yonse itauma. Iyi mkati munali mouma, mofunda, makwinya osalowa. Inamangidwa posachedwa, m'chipinda chomwechino.

Simbi inali itatentha patebulo. Phuma anaizimitsa.

Alamu anali kuchipinda chosungira nsalu zoyera, akuwerenga mashelefu. Phuma analowa n'kutseka chitseko ndi msana.

"Ndimangireni mfundo, alamu."

"Wayamba misala?"

"Nayi nsalu. Mangani ija ya alongo anu, ndione."

Alamu anayang'ana pilokesi, anayang'ana pini imene inali ikadali m'zala za Phuma. Anatembenukira kushelefu n'kuyamba kusalaza nsalu zosalala kale.

"Kuyambira liti?" anafunsa Phuma.

Alamu anapitiriza kusalaza nsalu.

"Alamu, kuyambira liti?"

"Lero ndi lachitatu."

Phuma anagwira shelefu. Masiku atatu. Gudumu lija linali litalira kangati m'masiku atatu? Anayamba kuwerenga, dzana kanayi, dzulo katatu, lero kawiri, ndipo nthawi zonsezo iye ankayanika nsalu akuyimba chamumtima, atakhulupirira mfundo yabodza.

"Mwandipusitsa ngati mwana."

"Ndiwe mwana. Ukanapanda kuipeza dzana ukanatani? Ukanathamangira ku wodi ukulira, akanakugwira, akanakutumiza kunyumba. Ukanakhala wekha m'nyumba ija ukuyang'ana khonde. Ndimati mwina mawa ibwera yeniyeni, palibe adziwe."

"Ndiye munangokhala? Osafunsa?"

"Ndikafunse kuti ndine ndani wake? Mwini wake anati alibe m'bale."

"Inu simukhala naye nyumba imodzi. Sakanakuchotsani. Mukanafunsa."

Alamu anakhala pa katoni ya sopo. Phuma anali asanawaonepo atakhala pansi nthawi ya ntchito. Anavula golovesi imodzi, n'kuyang'ana dzanja lawo lotuwa ndi kolorini.

"Ndinapita," anatero motsitsa. "Dzana ndinafika mpaka pachingwe chachikasu. Dzulonso. Anesi atandifunsa kuti mukufuna chiyani, ndinati ndabwera kudzaona ngati matumba akukwana. Iwe ukuganiza kuti uli ndi mantha wekha? Ameneyo ndinamubereka kumbuyo ine. Mano ake oyamba anandiluma nawo paphewa apa. Ndisanafunse, ali moyo. Ndikafunsa, sindikudziwa."

Panja makina ena anamaliza, n'kulira kuitana munthu. Palibe anasuntha.

"Oti alibe achibale sawasunga, alamu," anatero Phuma. "Mukudziwa. Tsiku lomwelo amapita nawo kumanda. Osaimbira munthu."

"Ndikudziwa."

"Mwina anadutsa kuseri uko ine ndikupanira nsalu."

"Khala chete, mlamu, chonde."

Phuma anapinda pilokesi ija n'kuiika pashelefu. Anatsegula chitseko. Chingolo cha nsalu zoyera za ku wodi ya mliri chinali chitapakiridwa kale pakhomo, kudikira wokankha amene anali ku chakudya cha masana. Anagwira chogwirira.

"Ukupita kuti? Si ntchito yako imeneyo."

"Fulumira anadya gaga, ndikudziwa. Mundiuze ndikabwera."

Kuchoka mochapira kukafika ku wodi ya mliri unkadutsa khonde lalitali la denga la malata. Kale khondeli linkadzaza ndi odikirira odwala, mabasiketi, ana olira, ogulitsa nthochi ozemba alonda. Tsopano munali mbee. Mabenchi anawagadabuza, miyendo m'mwamba. Pansi anajambula mabwalo oyera otalikirana, oti anthu aziimamo, koma munalibe woimamo. Phuma ankamva mapazi ake okha ndi kupuma kwake m'masiki. Anadutsa chidebe cha madzi osamba m'manja, anadutsa masilinda a mpweya atandandalika kukhoma, ena ali ndi choko cholemba kuti atha. Patsogolo kanjira ka simenti kaja kankapatukira kumanzere. Chingolo chachitsulo chinali chitaimikidwa pomwepo, chopanda kanthu, chonyowa, atangochitsuka. Anayang'ana kumbali.

Panjira anakonza mawu. Anena kuti: pepani, pali bambo wina wamtali, wa chipsera pachala chachikulu. Ayi. Anena kuti: aneba athu anandituma. Ayi, bodza lina pamwamba pa bodza. Anena dzina basi. Pofika pachingwe chachikasu mawu onse anali atabalalika ngati nkhuku zoona kabawi.

Anagogoda pa kawindo koperekera katundu. Patapita nthawi kanatseguka. Anesi anali m'zovala zoyera zija, magalasi apulasitiki kumaso, dzina losaoneka. Maso okha ndi amene ankaoneka, otopa, a munthu wamkulu.

"Mukufuna chiyani?"

"Ndabweretsa nsalu."

"Lero zabwera ndi nkhope yatsopano. Ikani apa."

Phuma anayamba kupereka mitolo, umodzi umodzi, mochedwa dala. Kudzera pakawindo ankaona kachigawo ka khonde la mkati, chitseko chagalasi, ndi phazi la bedi limodzi. Kunkamveka kutsokomola kwa anthu angapo ndi kamluzu ka mpweya. Anatchera khutu kuti mwina azindikira chifuwa chimodzi. Zifuwa zonse zinkafanana.

Mtolo womaliza unalowa. Anesi anagwira kawindo kuti atseke. Phuma anaima chiimire.

"Pali china?"

"Ayi."

Kumbuyo kunamveka mapazi awiri, ena olemera, ena okwekwereza. Anacheuka. Alamu ankabwera chothamanga, golovesi imodzi ili m'manja, ndipo pambuyo pawo akapitawo, akupuma ngati makina akale.

"Iwe mtsikana, wakutuma ndani kuno?" anatero akapitawo ali patali. "Chingolo chili ndi mwini wake. Ukufuna ndilembe?"

"Eya, akapitawo, mwabwera bwino," anatero anesi, akutsegulanso kawindo. "Kakalata kanu kaja tinalandira. Musatilemberenso. Mfundo zanuzo tikumasula tisanaike m'thumba, lero ndi tsiku lachitatu. Mwaionanso ina?"

"Sindinaione. Mwachita bwino. Nsalu ya mfundo siyera."

Phuma anagwira chingolo ndi manja onse.

"Mukumasula," anatero.

"Nanga titani? Ndi bambo mmodzi yekha, wa bedi ya pakona. Tamuuza, samva. M'bandakucha uliwonse, tisanasinthe, iye zala zili pakona ya pilo. Ndipo mfundo yake n'njosavuta, ukangokoka kamchira yatha."

"Lero?" anafunsa alamu. Anali atafika pambali pa Phuma, ndipo anamugwira mkono mwamphamvu mpaka kuwawa. "Leronso anamanga?"

"Anayesa."

Anesi anatsamira pakawindo. Ankaoneka kuti ndi munthu amene wakhala masiku ambiri osacheza ndi wopuma bwino.

"Dzana atationa tikumasula anatigwira dzanja, kutichonderera. Tinamuuza kuti ndi lamulo la ochapa. Dzulo anamanga kawiri, ina anaibisa kunsi, tinaipeza. Lero anayamba, n'kusiyira pakati, n'kutembenukira kukhoma. Phala wakana. Mpweya wake sunaipe kuposa wa anzake, ena oposa iye atuluka muno akuyenda. Koma wodwala akatembenukira kukhoma, ife timadziwa. Tikamufunsa kuti kodi mukumangira ndani, amati palibe, ndi chizolowezi cha ntchito. Oti alibe aliyensewa ndi amene amativuta. Ulibe chomuuza kuti adzukire."

Ali moyo. Mawuwo analowa mwa Phuma ngati madzi ozizira pa tsiku lotentha. Ali moyo, ali kuseri kwa chitseko chagalasi icho, mapazi makumi awiri kuchokera pamene iye waima. Chimene anadzera wachipeza, ndipo sanaulule kanthu. Akanatha kutembenuza chingolo, kupepesa akapitawo, kubwerera ku simbi yake. Epuloni ikanakhala yake. Alamu ankamukoka kale mkono, pang'onopang'ono, misozi ikulowa m'masiki. Tiye, mlamu, tiye, tamva.

Koma mawa m'bandakucha zala zija zidzafuna kona ya pilo, kapena sizidzaifunanso. Anaona khonde la kuseri kwawo, kapu imodzi, mbale imodzi. Anaona dzanja likupukutidwa pa buluku. Munthu uja anadzifufuta yekha, anati alibe mkazi, alibe mlongo, kuti iye asataye epuloni. Ndipo kwa masiku atatu wakhala akuganiza kuti ochapa atopa nazo mfundo zake. Ochapa. Ndani wina amene Zingwe ankamudziwa mochapira?

"Tiyeni, tiyeni," anatero akapitawo. "Pano si pocheza. Iwe, gwira chingolo."

Phuma sanagwire. Anamasula mkono wake m'dzanja la alamu. Ankamva maso a akapitawo pamsana pake, ndi bolopeni ija ikuchoka kukhutu. Anayandikira mpaka chingwe chachikasu chinamukhudza pamimba.

Anesi anamuyang'ana kudzera m'magalasi aja.

"Mayi, ndakufunsani kale. Mukufuna chiyani?"

"Musamasulenso," anatero Phuma. "Ndi amuna anga. Ananama kuti ali okha, ananamira ine. Ndiyezeni, nditumizeni kunyumba, akapitawo alembe zimene alembe. Koma mukawauze kuti mfundo zonse zinkafika, ndi ine ndinkazilandira, ndipo si ine ndinati zisiye. Achemwali awo ali pano. Adye phalalo. Mukawauzenso kuti dzanja lija anandipatsa pageti ndikulifuna. Abwere nalo okha."